Apongozi ndi Nsomba za Tadala

Lolemba
Thanki yatsopano yagalasi yafika. Nsomba zinayi zofiira za mwana wanga Tadala zasamuka bwinobwino. Koma sefa yatsopano yoyeretsa madzi ilibe mabakiteriya odya zonyansa za nsomba, ndipo amaswana pang'onopang'ono. Choncho sabata ino:
chakudya chapang'ono,
sefa isazimitsidwe,
madzi a pampopi azigonera m'ndowa kuti kolorini achoke.
Apongozi anga, bambo a mayi a Tadala, afika kuno kudziko la eni ndi basi kuchokera kwawo ku Dowa. Kumudzi ali ndi maiwe a makumba. Tigwirizana!

Lachiwiri
Aima pa thanki, manja kumbuyo. "Madzi oyera chonchi, nsomba zidya chiyani? Nkhanzatu izi." Ndikuseka mwaulemu, ndikutikita m'manja. Mkamwini satsutsa apongozi.

Lachitatu
Ndikuchokera kusukulu, madzi a m'thanki ali ngati thobwa. Madeya! Abwera nawo m'jumbo. Ndikupempha mayi a Tadala kuti alankhule ndi bambo awo. "Auzeni nokha, si ndinu aphunzitsi a sayansi?"

Lachinayi
Ndikuphunzitsa Tadala mokweza, apongozi ali pompo, momwe chakudya chowola chimasandukira poizoni m'madzi ochepa. Ndajambula ndi chithunzi chomwe. "Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wasukulu," akutero, nkusinza.
Ndithamangire ndowa yanga ija ndisinthe madzi. Apongozi asambira madziwo. Pampopi pakungotuluka mpweya, chilala cha chaka chino.

Lachisanu
Mnzathu wa kutchalitchi wawatengera kumudzi wa Gabane kukaona nkhuku zake. Abwerako ndi zitosi, athira m'thanki. Akuti dziwe labwino limakhala lobiriwira. Pa dziwe akunena zoona, vuto ndi lomwelo. Pabalaza pakununkha khola.
Nsomba imodzi yagadama. Tadala akulira m'Chitswana, chilankhulo cha kuno: "Papa, e sule!" Yafadi, mwanangu.

Loweruka
Sefa ili zii. Aizimitsa dzulo, akuti imasokosera nsomba, sizigona. Ziwiri zina zapita. Ndayeza madzi: mtundu umene watuluka pa kapepala koyezera palibe ngakhale pa bokosi lake.
Yotsalayo ndaithawitsira kuchipinda kwathu, m'beseni lochapira, m'madzi a m'botolo. Apongozi salowa kuchipinda kwa mkamwini. Mwambo wandithandizako kamodzi!
Ndavala jekete kuti ndikalankhule nawo mwaulemu. Ndafika, ndakhala pansi, ndawafunsa za mvula ya ku Dowa.

Lamulungu
Ya m'beseni ikupuma, koma mopendekeka.
Pochokera kutchalitchi apongozi agamula mlandu: galasi lilibe matope, nsomba zafa ndi kusowa dothi. Sakundiimba mlandu, akuti ndine mwana, sindikanadziwa. Alonjeza Tadala dziwe lenileni kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wasiya kulira, wagwira dzanja la agogo ake. Onse awiri akundiyang'ana.
Nyumba ndi ya lendi. Dziko ndi lachipululu. Mpopi ndi wouma.
Khasu ndabwereka kwa aneba. Nthaka ya kuno ku Tsholofelo ndi yolimba zedi.