Matayala a Padenga la Atate

LOLEMBA

Pakamwa panga pandipachika.

Dzulo kutchalitchi akulu ampingo ankapangana zoti azibwera kudzapemphera ndi atate kunyumba, popeza miyendo yawakana. Ine dzandi! "Musavutike. Lamulungu likubwerali atate abwera pa galimoto yawo." Anthu m'manja phuphuphu. Lero ndalawirira kukaiyang'ana galimotoyo.

Galimoto yake ndi iyi yakuda, yamphuno yaitali, yaima pabwalo pathu kuno ku komboni ya Mtendere. Ndi yakale kuposa ine. Mwini wake anali mzungu amene atate anamuphikira zaka zambirimbiri. Ufulu utabwera mzunguyo ananyamuka, nawasiyira galimoto m'malo mwa penshoni. Atate sadziwa kuyendetsa. Anzawo anaikoka ndi lole kudzaisiya pano, ndipo sinasunthenso. Nkhuku zathu zambiri zinaswedwera m'menemo.

Chimene atate akufuna ndi chimodzi: kukhala pampando wakumbuyo galimoto ikuyenda. Sanakhalepo chibadwire. Pampandopo pankakhala galu wa dona, mkazi wa mzunguyo, iwo ntchito yawo inali kutola ubweya wake Loweruka lililonse. Ngakhale lero galimoto ndi yawo, salowamo. Amati kukhala m'galimoto yoima ndi masewera a ana. Ndipo masiku ano akumanena kuti mvula ya chaka chamawa saiona.

Injini ilibe vuto. Ba Mulenga, a nyumba yoyandikana nafe, amene amakonza mabasi, anaidzutsa mwezi watha. Laisensi ndili nayo. Kwangotsala matayala awiri akumbuyo, ong'ambika ngati zidendene za m'chilimwe. M'masitolo mulibe matayala, monga mulibe sopo ndi mafuta ophikira.

Ba Mulenga akupita kumaliro ku Kitwe. Akuti, "Ba neba, nilindileni nibwele pa Chibelu, tizachita pamodzi. Matayala ya kudala yavuta maningi." Ndawayankha kuti sindingadikire mpaka Loweruka. Lakale kapena latsopano, tayala ndi tayala, njinga ndinayamba kumata ndili mwana.

Zofunika:
jeke (ba Mulenga andisiyira)
zitsulo ziwiri zokanulira tayala
pampu ya njinga
zigamba ndi guluu
matayala awiri (ndikudziwa kumene ali, koma sindinena).

Kuntchito ndapempha tchuthi, ndati atate akudwala. Si bodza kwenikweni.

LACHIWIRI

Matayala aja ali padenga la chipinda cha atate. Anabwera ndi galimotoyi, ndipo atate anawaika pamwamba chaka chimene misomali inayamba kuzuka. Kuno denga lililonse lili ndi chake chopsinjira malata: miyala, matayala, ena mpaka bedi lachitsulo.

Ndikutsitsa lachiwiri, mkazi wanga amake Dalitso atulukira, manja m'chiuno.

"Batate ba Dalitso, mvula ili pafupi. Manje ni chani chizagwila malata?"

Ndati ndiikapo miyala. Akuti liti? Ndati mawa.

M'matayalamo ndapezamo:
madzi obiriwira
buluzi
nsapato imodzi ya Dalitso imene anakwapulidwira chaka chatha.

Ndi ouma gwa ngati mtondo, koma mapanga ake opondera pamsewu akadali akuya. Abwinobwino!

Jeke ikugwira ntchito, kungoti m'malo moti galimoto ikwere, jekeyo ndiye ikulowa pansi. Ndazula chitseko cha khola la nkhuku kuti ndiikepo. Nkhuku zili mbwee m'dimba la eni. Manati achita dzimbiri. Ndaponda sipanala ndi miyendo yonse iwiri, yaterereka, ine chagada. Mwayi palibe amene waona, kupatula bana Chanda, mkazi wa ba Mulenga. Ndiye kuti Mtendere yonse yaona.

Madzulo. Mawilo awiri atuluka, kumbuyo kwa galimoto kwakhala panjerwa.

Atate atulutsitsa suti yawo m'bokosi, ija amati tidzawaveke popita kumanda. Yayanikidwa pachingwe kuti ichoke fungo. Anthu awiri aima kale pampanda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

LACHITATU

Tayala la njinga ndi tayala la galimoto si pachibale. Ndani anandinamiza?

Rabala yakale yamatirira kuchitsulo cha wilo ngati inabadwira pomwepo. Ndalowetsa chitsulo, ndakanula, ndalowetsa chinzake, choyamba chija chafwamphuka n'kukagwera mumphika wa nyemba. Ndadumphapo. Ndavinapo. Ndalitukwana m'Chinyanja, kenako m'Chibemba, mwina likamva.

Anthu adzaza pampanda. Bana Chanda asamutsa beseni lawo la zitumbuwa kuchoka kumsewu, akuti makasitomala onse ali kwathu. Malangizo akugwa ngati matalala:

"Thilani madzi yotentha!"
"Awe, ikani pa zuba!"
"Mudala, sivichita so!"
"Ni ba kalaliki aba, manja yao ni ya bolopeni."

Mmodzi wanena za sopo. Pamenepo ndamva. Amake Dalitso ali ndi mtanda umodzi wa sopo, umene anaupeza ataima pamzere kuchokera tambala woyamba mpaka dzuwa pamutu. Amaubisa m'chitini, kuseri kwa Baibulo. Ndati ndingodulako pang'ono.

Matayala onse awiri akale achoka! Khungu la zala zanga lapita nawo. Sopo watsala kachidutswa kongokwana kusambitsa khanda.

Miyala ya padenga: mawa.

LACHINAYI

Amake Dalitso atsegula chitini. Sanakuwe. Anditengera kachidutswa kaja pambale, ngati ndiwo, n'kundiikira patsogolo. Kukuwa kukanakhala bwino.

Kuveka tayala n'kovuta kuposa kuvula. Mbali imodzi ikalowa, inayo ikutuluka. Potsiriza lalowa, chubu chili m'kati. Ndapopa ndi pampu ya njinga mpaka mapewa achita dzanzi. Anthu onse maso pa tayala.

Psiiii.

Ndachitsina chubu ndi chitsulo. Kuvulanso, kumata chigamba, kuvekanso, kupopanso. Psiiii, malo ena. Chubu chachiwiri chimodzimodzi. Tsopano zigamba zachuluka kuposa chubu, ndipo bana Chanda akupempha kuti ndikatopa nacho ndiwapatse adulemo malegeni omangira katundu panjinga.

Nzeru yandibwerera masana. Mawilo akutsogolo ali ndi machubu abwino! Ndiwachotse, ndiwaike kumbuyo kumene kukhale atate. Azigambawa apite kutsogolo, popeza kumeneko ndikhala ndekha, ndipo ndine wowonda.

Ndakumbuka kuti injini nayo ili kutsogolo nditachotsa kale mawilo onse awiri.

Lolemba ndinali ndi galimoto ya mawilo anayi, awiri abwino. Lero ndili ndi galimoto yokhala panjerwa mbali zonse, ndi mawilo anayi ogona pabwalo.

Ndalowa kukawaona atate. Ndawapeza atakhala pabedi, akuyesa chipewa pakagalasi. Akuti, "Zikuyenda, mwana wanga?" Ndati zikuyenda, atate. Akuti tikadzafika ndisadzaime pakhomo penipeni pa tchalitchi, ndidzazungulire kaye kumsika kuti anzawo a bawo awaone. Ndatuluka msanga.

Miyala: mawa.

LACHISANU

Latheka! Wilo limodzi lavala tayala la padenga, chubu chabwino m'kati, osatsinidwa. Ndaligubuduza kuzungulira bwalo kawiri kuti aliyense aone. Ndalipitikitsa dala pafupi ndi beseni la bana Chanda.

Wina pampanda akuti likadali lofewa, ndiwonjezere mpweya. Ndawonjezera. Akuti pang'ono pokha. Ndawonjezeranso, tsopano ndi dzanja limodzi, linalo m'chiuno.

Phuu!

Sindikudziwa kuti ndafika bwanji m'bafa lochapira, koma ndimo andipeza. Pampanda palibe munthu. Zitumbuwa zili mbwee m'fumbi. Masiku ano anthu akamva kuphulika amaganiza za ndege za adani a kumwera, ndiye ena athawira mpaka kumsewu waukulu, azimayi ana kumsana. Tayala lang'ambika m'mbali kuchokera uku mpaka uko. Zaka zonsezi lakhala likuphikidwa ndi dzuwa padenga, ine n'kumayang'ana mapanga okha.

Abwera ba cheyamani a chipani ndi ndodo yawo. "Nindani wamene aphulitsa vinthu mu sekishoni yanga kopanda kuniuza?" Ndawaonetsa tayala. Aliyang'ana, andiyang'ana, afunsa ngati ndinafikadi Fomu Thuu. Ndapepesa kwa iwo. Ndapepesa kwa bana Chanda. Ndapepesa kwa mayi wina amene wataya ndowa yake pothawa, sindikumudziwa n'komwe.

Choipitsitsa ndi ichi. Atate aitana ali m'chipinda: "Ndi injini imeneyo?" Ine ndati inde. Akuti, "Eya, ikadali ndi mphamvu. Inkatero ndithu m'mawa kukazizira."

Ndanamiza munthu wodwala, ndipo wasangalala.

Kum'mawa kwada bii. Miyala: mawa m'mawa ndithu.

LOWERUKA

Ndalawirira kukasaka tayala, miyala ndati ndikabwerako. Kumsika wa komboni ya Chipata kulibe. Ku Chazanga ndapeza matayala ambiri, koma onse asanduka kale nsapato. Wogulitsa akuti ndigule peyala ziwiri, galimoto ndiiveke.

Masana, ndikutsika minibasi pamsika wathu, kwauka chimphepo. Fumbi, mapepala, madengu a tomato kugubuduka. Ndaona lata likuuluka pamwamba pa nyumba ngati khwangwala. Ndaseka. Ndati pali chitsiru china chimene sichinapsinje denga lake.

Kenako lauluka lachiwiri, lokhala ndi chigamba cha phula pakona. Chigambacho ndinamata ndine.

Ndathamanga mvula ikundimenya. Chipinda cha atate chili pululu, kumwamba kukuoneka. Madzi akuyenda nyumba yonse, mphasa zikuyandama. Pabedi palibe munthu. Ndathamangira panja ndikuitana.

Ali m'galimoto. Amake Dalitso ndi bana Chanda awanyamula awiriwiri, chifukwa pakhomo ponse malo ouma anali omwewo. Akhala pampando wakumbuyo, bulangete kumapewa, suti yawo aikumbatira pachifuwa. Madzi akutsetsereka pagalasi. Sakundiyang'ana.

Mvula itakata, ba Mulenga atulukira ndi chikwama chawo cha paulendo. Ayang'ana galimoto, ayang'ana nyumba, avula jekete. Amuna a m'derali atola malata, lina kuseri kwa chimbudzi cha ba cheyamani. Misomali palibe. Ali pamwamba akuitana kuti tiwapatsire chilichonse cholemera, mphepo isanabwerere.

Cholemera pabwalo panga ndi chiyani? Mawilo anayi. Matayala onse, long'ambika lomwe. Ndawapatsira ndekha, limodzilimodzi.

Potsika, ba Mulenga angoti, "Ba neba, mutu umodzi..." Sanamalize. Angoyang'ana kudenga, n'kupita kwawo.

Matiresi a atate anyowa. Agona m'galimoto.

LAMULUNGU

Sindipita kutchalitchi. Ndilibe nkhope yopita nayo.

Pakhomo pathu zinthu zili motere:
galimoto panjerwa
mawilo padenga
nkhuku kwa eni
sopo kulibe.

Atate apempha madzi osamba m'mamawa. Amake Dalitso awaveka suti ndi chipewa, kenako atate akana kubwerera m'nyumba. Akuti tiwasiye pamene ali.

Masana ndamva nyimbo ikubwera ndi msewu. Akulu ampingo, amayi a chigwirizano, mpingo wonse. Abwera kudzapemphera ndi atate kunyumba, monga momwe anapanganira ine ndisanatsegule pakamwa. Ndabisala kuseri kwa khola. Palibe amene wafunsa za ine, ndipo izi zandipweteka kuposa kusekedwa.

Aima mozungulira galimoto. Atate atsitsa galasi mpaka pakati, akweza zala ziwiri, monga ankachitira mzungu wawo podutsa pachipata. Aliyense wawerama pawindo kuwapatsa moni. Anzawo a bawo nawo afika kuchokera kumsika, avula zipewa.

Anthu atabalalika, andiitanitsa. Akuti ndikhale kutsogolo, ndigwire chiwongolero. Ndakhala. Ndimafuna kunena za injini ija, za miyala, za zonse. Ndangoti, "Atate, sindinakufikitseni."

Akusisita chikopa cha mpando ndi chikhatho, pang'onopang'ono, ngati akufunafuna ubweya.

"Msewu ndinauyenda kale, mwana wanga, wapansi, kuchokera ku Dedza mpaka kuno. Chimene sindinkadziwa ndi mpandowu. N'ngofewadi. Galu uja ankadya bwino."

Misozi yanga yagwera pachiwongolero. Ndimati zathera pomwepo. Kenako ndamva ndodo yawo ikundigogoda paphewa.

"Koma mawa ukasake misomali. Galu wa dona ankakwera muno masana okha. Usiku ankagona m'nyumba."