Khomo la Kwaya Lili M'foni Mwanga

Lolemba

Aphunzitsi a Phiri, otsogolera kwaya yathu, apita ku maphunziro ku Chipata. Abwera Lachisanu. Asanakwere basi andisiyira ntchito. Ineyo.

Kwaya ili ndi tsamba lake pa intaneti, analikonza ndi iwowo. M'menemo muli nyimbo yatsopano imene tikaimbe pa mpikisano wa makwaya Loweruka ku boma. Mawu anayi, aliwonse paokha, kuti munthu aziphunzira kunyumba: sopulano, aluto, tena, besi. Lamulo la mpikisano ndi lakuti nyimbo ikhale yoti anthu sanaimvepo.

Aluto ndi ine. Anandijambula ndekha m'kachipinda kosungira mabenchi, chitseko chotseka, nditayang'ana kukhoma. Pakati, pa mawu oti "ndipatseni mthunzi", ndinatsokomola. Ndinachita manyazi kupempha kuti tibwereze. Iwo anati, "Palibe kanthu, azamvela ni a kwaya chabe."

Andionetsa makomo atatu a tsambali:
1. a kwaya okha
2. wakunja apemphe, ine ndimulole kapena ndimukane
3. aliyense amene wapeza linki angolowa

Tili pa khomo lachiwiri chifukwa cha munthu mmodzi, a Mwale oimba kiyibodi, a mpingo wina, amene adzatithandiza Loweruka. Iwo akapempha ndidina batani lobiriwira. Wina aliyense, lofiira.

"Nasankha iwe chifukwa sukambakamba," atero.

Ndikufuna kunena kuti ndinalekeza Giredi 7 ndipo zonsezi zili m'Chingerezi. Chimene chatuluka ndi kuthokoza: "Yewo, aphunzitsi."

Lachiwiri

Foni yalira ndikuswa mtedza. Opempha atatu. Ndiye kuti wina wa kwaya wagawa kale linki. Wolembedwa kuti Mwale palibe.
- Bwana M
- Mwana wa Mfumu
- wina wopanda dzina, chithunzi cha thirakitala basi

Bwana M akhoza kukhala a Mwale. Koma a Mwale ndi opemphera kwambiri, akhoza kukhala Mwana wa Mfumu. Komanso ndinamva kuti mkulu wawo amayendetsa thirakitala.

Ndiimbire a Phiri? Ali m'kalasi. Ndiimbire a Mwale? Ndi bambo wamkulu, sindinalankhulepo nawo, ndiyamba ndi mawu ati.

Batani lofiira ndaliyang'ana nthawi yaitali. Kwathu munthu akati odi, ngakhale simukumudziwa, mumatulutsa kaye mpando, mafunso pambuyo. Ndikadina lofiira, kumeneko foni imuuza chiyani? Kuti mtsikana uja wa aluto wakupirikitsani?

Ndalola onse atatu. Mmodzi mwa iwo ndi a Mwale ndithu. Awiriwo ndiwatulutsa ndikawadziwa.

Lachitatu

Wa thirakitala ndamudziwa. Ndi asibweni, mlongo wawo wa Amama. Abwera m'mawa kudzabwereka nkhwangwa, akung'ung'udza aluto yanga kuchokera kumsewu. "Muphwa wane, ukwimba makora chomene." Ndiko kuti ndikuimba bwino kwambiri. Kutulutsa asibweni? Amene anandinyamula pa njinga mpaka kuchipatala galu atandiluma?

Opempha ena asanu ndi mmodzi. Sindinawalole, sindinawakane. Foni ndaiika pansi pa pilo.

Masana afika NyaZimba, apampando a amayi a mpingo. Akufuna kumva nyimbo. Ndanena motsitsa mawu kuti ndi ya a kwaya okha, akunja ayi.

"Wakunja ndine? Ine amene n'nakugwila pa ubatizo uli kulila?"

Kuti apemphe kulowa, foni yawo ikufuna pasiwedi imene anaiwala kalekale. Akhala pa mphasa, avula nsapato. Sachoka. Ndaganiza kuti nditsegule khomo lachitatu, amve kamodzi, nditseke. Mphindi zisanu basi.

Ndatsegula. Amva. Amvanso. Atumiza linki kwa "amai awili chabe". Atsanzika.

Netiweki yatsanzika nawo limodzi.

Ndayesa pa chulu. Ndayesa pa ngolo ya Adada. Ndayesa kuseri kwa chigafa cha fodya, foni m'mwamba, mbuzi zikundiyang'ana. Kanthu kozungulira kaja kakungozungulira. Khomo lili chitsegukire.

Lachinayi

Netiweki yabwera, bandulo yatha. Ndipita ku boma ndi Amama kukagulitsa mtedza, ndikagula komweko.

Msika. Ndatula thumba. Pa sipika ya kashopu kotchaja mafoni pakumveka mawu a mtsikana. Ndikuganiza kuti ameneyu akuimba mwamantha bwanji, ngati wina amulanda nyimboyo. Kenako watsokomola.

Mayo ine!

Amama akuuza wogula aliyense, ndi wosagula yemwe. "Ni mwana wane uyo." Ndakhala kuseri kwa matumba, chitenje kumutu, dzuwa lonseli.

Zimene ndamva ndili pansi pa chitenje:
- anyamata a njinga akuimba, ndipo akafika pa "mthunzi" onse akutsokomola pamodzi. Akuganiza kuti nyimboyo inalembedwa choncho
- mayi wina wa ku Chikomeni akuti kwawo inafika dzulo, ana akuidziwa kale
- wa kashopu akuti sopulano, tena ndi besi palibe akuzifuna. "Onse afuna ija ya kachifuwa."

Ndagula bandulo. Ndasankha khomo loyamba, kenako ndadina chilichonse chooneka ngati chotseka. Foni yandifunsa funso lalitali m'Chingerezi, lokhala ndi mawu ofiira. Ndavomera. Ngakhale foni sinditha kuikana.

Lachisanu

Tsamba latsekeka. Latsekeka mopitirira. Ndatulutsa asibweni, Bwana M, Mwana wa Mfumu ndi kwaya yonse. Tatsala ine ndi a Phiri.

Pa pulakatisi a tena akwiya, chifukwa iwo amaphunzira tsiku lomaliza nthawi zonse. Mmodzi akuti, "Wogulitsa makala ali nayo, ise eni ake tilibe." Akunena zoona. Anthu anaikopera kale m'mafoni mwawo, kutseka kwanga kwangovutitsa athu okha.

A Phiri afika masana, kuchokera pa siteshoni molunjika kutchalitchi, chikwama m'manja. Mawu opepesa ndakhala ndikuwakonza kuyambira m'mawa, ambiri, okoma. Atuluka awiri: "Pepani, aphunzitsi."

"Naimvela mu basi," atero. "Kondakitala anaika kanayi."

Sakukalipa. Bola akanakalipa. Akonza tsamba mphindi ziwiri, kwaya yonse yabwereramo. Kenako andifunsa, "Unakana angati?"

Ndayang'ana nsapato zanga.

A Mwale abwera ndi kiyibodi pa njinga. Sanapemphepo n'komwe. Foni yawo ndi ya mabatani, siilowa pa intaneti. Nyimbo aiphunzira pa msika dzulo.

Yosintha nayo tilibe, nthawi yatha. Tiimba yomweyi.

Loweruka

Mpikisano. Makwaya asanu ndi awiri, ife achinayi. Holo yadzaza, ena akusuzumira pa mawindo. Yunifomu ndasita kawiri. Ndaima mzere wakumbuyo, kuseri kwa mayi wamtali kuposa onse.

Mzere woyamba wa nyimbo, holo ili zii. Ndikuganiza kuti mwina Mulungu wandimvera chisoni.

Mzere wachiwiri, amayi a kumbuyo ayamba. NyaZimba ndawazindikira mawu. Kenako a pa mawindo, kenako holo yonse. Onse aluto. Sopulano sikumveka. A tena akungotsegula pakamwa, ndipo mwina zawathandiza.

"Ndipatseni mthunzi."

Ine sindinatsokomole. Holo yonse yatsokomola. Ndi woweruza mmodzi yemwe, kenako wanamizira kumwa madzi.

M'manja aomba nthawi yaitali, nthungululu zomwe. Pamapeto mkulu wa oweruza waimirira. "Mwaimba bwino, koma nyimbo imene ngakhale a pa windo aidziwa sitingaitche yatsopano." Chikho chapita ku Chikomeni.

A Phiri anailemba miyezi itatu nyimbo imeneyi, akaweruka kusukulu. Pobwerera akuyenda patsogolo okha, akukankha njinga osakwera. Zonse za sabata ino ndikanapirira, koma njinga imeneyi yandipweteka.

Lamulungu

Ndalawirira kutchalitchi. A Phiri ndawapeza akuyala mabenchi. Ndawapatsa foni ndi manja awiri, ndati achotse dzina langa, apatse wina ntchitoyi.

Akana. "Wina azayamba kulakwitsa kuchokela pa chiyambi. Iwe wamaliza kale zonse." Andibwezera foni. "Koma lelo ukane munthu mmodzi. Mmodzi chabe."

Belu lisanalire, pempho lafika. Dzina palibe, chithunzi cha nkhosa. Ndapuma kwambiri. Ndatsinzina. Lofiira.

Palibe chachitika. Nkhuku zikutola pabwalo monga kale. Mapemphero onse ndakhala ndikumva ngati ndatalika pang'ono.

Potuluka, abusa ali pakhomo akupereka moni wa m'manja. Afika pa ine, dzanja sakulisiya.

"Mwana wanga, sabata yonse ndinali ku mipingo ya kufupi ndi Lukusuzi. M'boma muno ndatsala ndekha amene sindinaimve. M'mawa ndagogoda, mwanditsekera."

Nkhosa ija.

Munthu woyamba amene ndamukana chibadwire ndi abusa.

Kumbuyo kwawo a Phiri agwira pamimba, akuseka koyamba chibwerere ku Chipata. "Osamuuza asinthe, abusa. Wayamba bwino."

Abusa avomera kukhala kunja kwa tsamba, akuti lamulo ndi lamulo. Koma akuti ndiye ndiwaimbire pompano, amve ndi makutu awo.

Abusa sakanidwa kawiri tsiku limodzi. Ndaimba pa khonde la tchalitchi, nditayang'ana kukhoma, mpingo wonse utaima kumbuyo kwanga ndi mabaibulo m'manja. Palibe wandithandiza. Ndafika pa "mthunzi", ndadutsa bwinobwino, koma onse ali chete, akudikira.

Ndatsokomola. Ndikanatani.