Mbuzi Imodzi ya Mabanja Onse

Lolemba
Msonkhano pansi pa mlambe. Loweruka kukubwera alendo akuluakulu ochokera ku Balaka. A tcheyamani a chipani akuti: "Mabanja onse apereke mbuzi imodzi." Anthu mitu pansi, amva kuti khola lililonse litulutse mbuzi. Ine ayi. Akadafuna zimenezo akadati banja lililonse. Onse ndi onse: tigwirizane, mbuzi imodzi, basi. Sitandade 3 yanga ndi ya ku mishoni. Ulembi wa nthambi anandimana n'kupatsa mwana wosasiyanitsa onse ndi aliyense.

Lachiwiri
Ndikuyenda khomo ndi khomo kufotokoza. Che Saidi: "Iyayi, ine sindinamve kanthu, ndipo inunso sindikukumvani." Atseka chitseko dzuwa lili pamutu. Amene andimvetsera mpaka kumapeto:
mkazi wanga, monyinyirika
a Fulaye, ogontha
mbuzi yanga yabere, imodzi yomweyo.

Lachitatu
Anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, aima kuseri kwa khola. Sakulankhula. Mbuzi nayo yasiya kulira. Mkazi wanga akuti muno mu Utale aliyense ali ndi wina womumvetsera. Wina mmodzi wa tonse, kapena aliyense wake? Akuti nditseke pakamwa, mchimwene wake anafunsapo funso ndipo njinga yake yokha ndiyo inabwerako.

Lachinayi
A tcheyamani andiitanitsa. Andipatsa mpando! Ndafotokoza zonse, mawu ndi mawu. Amwetulira nthawi yaitali. "Madala, mwatitsegula maso. Ndi imodzidi." Ndikubwerera nditatukula chifuwa. Njira yonse palibe wondipatsa moni.

Lachisanu
Imodziyo ndi yanga. Aikoka ikuyang'ana ine. Makola ena onse ali odzaza, ali zii. Ndati ili ndi bere, ndiye kuti si imodzi. Wa malaya ofiira wafunsa ngati ndikufuna kukafotokoza zimenezo ku Balaka. Iyayi.

Loweruka
Alendo adutsa pamsewu osaima, fumbi lokha. Chingwe cha mbuzi yanga andibwezera. N'chonyowa.

Lamulungu
Titatuluka m'tchalitchi, pamlambe paja. A tcheyamani: "Mabanja onse akuthokoza munthu mmodzi." Ndaimirira, ndavula chipewa. Mitu yonse yatembenukira kuchithunzi cha mtsogoleri wa dziko chokhomedwa pamtengo. Maso ake ali pa ine. Ndakhala pansi mwamsanga, ndaomba m'manja kuposa onse. Mawu amenewa ali ndi tanthauzo limodzi basi.

Khola mawa ndiwaza nkhuni.