Chinkhoswe cha Fanuwelo

Tatsitsani mafoniwo, ana inu, makosi angapindike. Mwambi uwu unayamba motere, ndipo wina asandiuze kuti ndi wakale kuposa foni. Ineyo ndinalipo!

Ku Kawale kunali mnyamata dzina lake Fanuwelo, chala chake sichinkachoka pa foni. Munthu akagwa, iye m'malo momudzutsa ankamujambula. Tsiku lina mnzake Yotamu anagwa pa kabaza, buluku n'kung'ambika kumbuyo konse. Fanuwelo anajambula, n'kuponya pa Watsapu. Yotamu anasiya kutuluka m'nyumba, ana akumuimba nyimbo kuseri kwa mpanda.

"Aise, fufuta kanemayo," anadandaula Yotamu.

"Iwe, n'zocheza izi. Taona mmene anthu akusekera!"

Ndiye linafika tsiku la chinkhoswe cha Fanuwelo ndi Elube, mtsikana amene anamuvutikira kufunsira mpaka nsapato kutha. Mwambo wake mukuudziwa: akuchikazi amayamba abweretsa munthu wina, atamufunditsa chitenje, ndipo mnyamata amayenera kukana kuti si ameneyo. Koma Fanuwelo anali chiweramire, akuwerenga zomwe anthu alemba pa chithunzi cha suti yake.

Akuchikazi anabwera naye munthu wofunda chitenje uja, n'kumuvundukula. Malume ake a Fanuwelo, amene anali ankhoswe, anafunsa, "Mphwanga, mkazi unatituma uja ndi ameneyu?"

"Eya, eya, yemweyo," anatero osadzutsa mutu.

"Waonetsetsa?"

"Aaa malume, ndati yemweyo! Ndimamukonda kwabasi."

Mayo ine! Anali azakhali ake a Elube, a Nasimango, mayi wa zidzukulu zake, m'kamwa mutatsala mano awiri. Iwo nthungululu m'mwamba, n'kuyamba kudula chiuno kulunjika kwa mkamwini. "Bwera kuno mwamuna wanga, ndakudikira kalekale!" Bwalo lonse linafa nacho chiseko, mafoni ali m'mwamba. Ine ndinaseka mpaka kugwa pa benchi.

Elube yekha sanaseke. Anatuluka komwe anamubisa, n'kumuyang'ana Fanuwelo. "Mukwatire foniyo," anatero, n'kubwerera m'nyumba. Tambala amene akuchimuna anabwera naye anabwerera kwawo akulira m'dengu.

Dzuwa lisanalowe, kanema wa chinkhoswecho anali atafika paliponse. Fanuwelo anathamangira kwa Yotamu, suti ili fumbi lokhalokha.

"Aise, mkazi wapita, ndipo tauni yonse ikundiseka. Auze anthu afufute!"

Yotamu anatsitsa foni yake, akupukuta misozi ya chiseko.

"N'zocheza izi, aise. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."