Wayilesi ya Pachulu

Lolemba, 8 Julaye 1957

Ndipepese kaye kwa aliyense amene adzatole kope ili, ngakhale ndikupemphera kuti asapezeke wolitola. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndipo zilembo zina ndimadumpha.

Lero akwana masabata asanu chichokereni mkazi wanga Falesi. Ali kwa amayi ake kutsidya kwa mtsinje, mbali ya ku Kapichi. Ndikaima pachulu kuseri kwa layini ya nyumba zathu za antchito ndimaona utsi wa kwawo. Sitinayambane. Bola tikanayambana! Anangomanga kamtolo kake n'kunena kuti, "Ndatopa kukhala ndi chitsa m'nyumba. Bola wayilesi ya kusitolo, imalankhula." Yankho ndinali nalo, koma linafika pakamwa iye atawoloka kale.

Sindichitira dala. Tsiku lonse ndimakhala kunazale, ndipo mbande za tiyi sizifunsa mafunso. Munthu akandiyang'ana kumaso, lilime limasanduka chigumu.

Ndiye ndaganiza. Ndikhala wayilesi ineyo!

Akhukhi a kwa bwana andipatsa lipenga la galamafoni yakufa lomwe limapita kudzala. Ndalikwecha ndi mchenga. Ndayesa m'nyumba kunena "moni", buluzi wagwa pakhoma.

Dongosolo, madzulo alionse tikaweruka, dzuwa lisanalowe:
1. Nkhani za dziko.
2. Madandaulo a anthu a m'malayini. Wayilesi ya kusitolo imanena za kutali, za nyemba zathu sinanenepo.
3. Nyimbo. A Makwinja a khomo lachiwiri ali ndi bangwe.
4. Uthenga wapadera.

Nambala 4 ndalemba papepala lina, lili m'thumba la malaya. Lipenga ndiloza kutsidya.

Zondidetsa nkhawa: chiswe, mphepo, akapitawo a Nampinga, anthu akabwera, anthu akapanda kubwera.

Lachiwiri, 9 Julaye

Kalanga ine!

Ndikukwera pachulu, lipenga kukamwa. Ndikuyamba monga amayambira munthu aliyense wofuna kumvedwa: "Tamverani! Tamverani nonse!"

Misi yonse yaleka kusinja. Kenako kulira, kuyambira layini ya kumtunda kutsika. Ndaiwala chinthu chimene ngakhale mwana amadziwa, kuti munthu akakwera pachulu madzulo n'kufuula chotero ndiye kuti kwagwa maliro.

Anthu akubwera akuthamanga. Amayi ndi mipango kumutu. A Makwinja ndi khasu paphewa, okonzeka kale. Onse akundiyang'ana kumaso. Akufunsa kuti watisiya ndani. Ine pakamwa pauma. Lipenga m'manja, nkhope yaloza kutsidya, m'maso muli misozi chifukwa cha mphepo.

Amake Joni, amene amadziwa zonse zisanachitike, ayang'ana kumene ndikuyang'ana ine, n'kugwira pamtima. "Mayo, Falesi!"

Basi. Anditsitsa atandigwira mbali zonse ngati dengu la mazira. Andiyalira mkeka pakhomo panga. Wina wabweretsa nkhuni, wina mbatata yootcha. Abambo akhala mondizungulira, osalankhula, ndipo palibe akudabwa kuti nanenso sindikulankhula.

Ndilembe zoona, poti kope silinena kwa munthu. Zaka zitatu ndili pa esiteti ino, pakhomo panga sipanakhalepo anthu chonchi. Mbatata ndadya. Ndachedwa kuwauza. Mwina theka la nthawi yophika nyemba.

Pomaliza ndanong'oneza a Makwinja kuti palibe wafa, ndi wayilesi chabe. Atola khasu lawo. Anthu amwazikana akutukwana, nkhuni zawo atenga.

Choopsa n'chakuti mayi wina wa kumtunda, wochokera mudzi wa kwawo kwa Falesi, anali atawoloka kale kukalira ndi abale.

Nambala 1, 2, 3 ndi 4 sizinaulutsidwe.

Lachitatu, 10 Julaye

Atsibweni ake a Falesi andipeza kunazale, ndili ndi chitini chothirira. Moni sanayankhe. Akuti dzulo Falesi akuchokera kudimba ndi mpiru kumutu wakumana ndi munthu akumulira iyeyo, wolirayo n'kukomoka. Akuti kuika munthu wamoyo m'manda ndi pakamwa si nkhani yaing'ono. Ndayesa kunena kuti ine sindinatchule dzina lililonse, sindinanene kanthu.

"Mlandu wanu ndi umenewo, akamwini. Simunena kanthu."

Chigamulo: nkhuku imodzi, ndi ine mwini, ndi pakamwa panga, Lamulungu.

Masana akapitawo a Nampinga. Amva za nambala 1, sindikudziwa kwa yani. Akuti kunena za chitaganya cha maiko atatu anthu oposa atatu akumva ndi msonkhano, ndipo msonkhano umafuna kalata ya ku boma. Akuti nyumba ndikukhalayi ndi ya kampani, chulu ndi cha kampani, chiswe chomwe ndi cha kampani.

Nkhani zanga za dziko ndimazitenga m'manyuzipepala amene akhukhi amakulungira zinthu. Ndi a Chingerezi, ndimamva liwu limodzi pa asanu. Ndawaonanso bwino lero. Ndi a chaka chatha. Ina yake ikunena za mpikisano wa maluwa.

Nambala 1 ndafufuta. Manyuzipepalawo ndatentha, phulusa ndakwirira, pamwamba ndaikapo mwala.

Madzulo ndikukwera ndithu, kuti ndikonze cholakwa. Sindikuyambanso ndi mawu aja. Ndikuti, "Kuno ndi kuchulu. Falesi ali moyo. Ndabwereza, ali moyo." Mphepo ikuchokera kutsidya, ikutenga mawu onse kupita nawo kufakitale. Ayankha ndi agalu a bwana.

Ndapapasa nambala 4 m'thumba. Agalu akamva? Ndatsika.

Lachinayi, 11 Julaye

Zodabwitsa! Anthu omwe ananditukwana aja akubwera mmodzimmodzi, akudzera kuseri kwa nyumba. Amva za nambala 2. Ndikulemba:

- Nyemba za phoso, zomwe timalandira Loweruka, anankafumbwe achuluka kuposa nyemba.
- Layini ya kumunsi denga likudontha, mwana wa a Makwinja akutsokomola mwezi wachiwiri.
- Sikelo yoyezera tiyi imadziwa nkhope za anthu.
- Odulira tiyi akuwonjezeredwa mizere, mipeni osawanolera.
- Bakha wa amake Joni wasowa.

Aliyense pochoka akunena zofanana, kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndavomera onse. Ndakondwa mpaka ndasesa pakhomo. Kenako, tsache lili m'manja, ndazindikira. Maina onse akabisika, lotsala ndi la yani?

Amake Joni akuti ndisaope, wayilesi ilibe nkhope. Ya kusitolo ilibedi. Yanga ili ndi nkhope, makutu aakulu, ndi nambala ya nyumba.

Ndiye ndavala chiguduli kumutu, ndaboola pa maso. Ndikuyenda kupita kuchulu. Aliyense panjira akundipatsa moni ndi dzina langa. Wina wafunsa ngati ndi mano akuwawa.

Pachulu. Pansi anthu ambiri ndithu, koma aima patali, aliyense akuchita ngati akuyang'ana nkhuku zake. Pansi pa mtengo wa mbawa paima a Nampinga, manja kumbuyo.

Za nyemba ndanena, koma lipenga nditalitsitsa. Za denga ndanena mumtima. Za sikelo ndatsokomola. Kenako ndakweza lipenga n'kufuula ndi mphamvu zanga zonse kuti bakha wa amake Joni wasowa, woyera, wotsimphina.

Bakha wapezeka. Anali pa mazira kuseri kwa bafa.

A Makwinja sananene kanthu za denga. Angondipatsa moni bwinobwino pobwerera. Bola akanatukwana. Mwana uja ndikumumva kutsokomola kudzera pakhoma pamene ndikulemba.

Nambala 2 ndafufuta. Nambala 4 siinganenedwe ndi munthu wovala chiguduli.

Lachisanu, 12 Julaye

Chiperoni. Chifunga mpaka pakhomo, kamvula kosaleka. Mbande zakondwa, ine ayi.

Lero nyimbo. Nyimbo ilibe mlandu. Ndaganiza chonchi: a Makwinja aimbe ziwiri, mitima ifewe, kenako ine ndinene nambala 4 msangamsanga n'kutsika.

Ndawapempha za kwawo kutsidya kwa malire, zimene amaimba m'Chilomwe akakumbuka amayi awo. Avomera. Akhala pachulu, bangwe pamiyendo, ine ndagwira lipenga pakamwa pawo. Yoyamba yabwino kwambiri. Amayi a kumtunda akuyankha ali m'makhitchini mwawo. Ndamva ngati ndachita chinthu.

Yachiwiri akuti ndi yatsopano, aipeka dzulo. Ikuyamba chonchi:

*Mkazi wawoloka, mwamuna ali pachulu,*
*bakha wapezeka, denga likudontha.*

Ndipo ili ndi ndime zisanu ndi imodzi. Muli mbatata ya pamaliro. Muli chiguduli. Muli makutu anga.

Lipenga ndagwira ndine! Kulichotsa ndikuopa, ndi akuluakulu. Anthu atuluka m'nyumba ndi mvula yomwe, akuomba m'manja. Pofika ndime yachitatu onse akuidziwa. A Nampinga akugwedeza phazi.

Ndipo mphepo, imene yandikana sabata yonse, lero yatembenuka. Ikupita kutsidya, molunjika, ngati yatumidwa.

Atatha a Makwinja andigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwaona, achimwene? Za denga zanenedwa."

Zanenedwadi. Ndi ine ndakhala ndiwo zake.

Nambala 4 yanyowa m'thumba. Ndaiyanika pafupi ndi moto. Zilembo zina zafufutika koma ndikuzidziwa pamtima.

Loweruka, 13 Julaye

M'mawa a Nampinga abwera kudzatenga lipenga. Akuti chotuluka m'dzala la kampani ndi cha kampani. Akuti lithandiza poitana anthu kuntchito. Aliyesa pakhomo panga pomwe. Likugwira bwino.

Kunazale kwabwera kalaliki kudzafunsa kuti layini yodontha ndi iti. Akuti dona wa bwana wamva akhukhi akuimba. Walemba m'buku. Kaya.

Phoso talandira. Anankafumbwe ali bwino, apereka moni.

Masana ndapita kusitolo kukagula machesi, ngakhale machesi ndili nawo. Loweruka mwini sitolo amaika wayilesi pawindo, ija yooneka ngati sefuliya, anthu n'kudzaza pakhonde.

Falesi ali pomwepo. Nsalu yabuluu ija. Waonda pang'ono, kapena ndi maso anga.

Ndaima kuseri kwa njinga za anthu. Ndawerenga masipoko. Iye wandiona kalekale. Wabwera yekha, waima pafupi, maso ali kuwayilesi.

"Ndamva kuti ndinamwalira."

Ndati pepani.

"Nyimbo ndaimvanso. Amayi akuiimba posinja."

Ndati pepani.

Wadikira. Ndikudziwa kuti wadikira, chifukwa nyimbo yatha pawayilesi, ina yayamba, iye osasuntha. Dzanja langa lili m'thumba, lagwira pepala. Ndatsegula pakamwa. Chotuluka n'chakuti kukuzizira masiku ano.

Wapumira m'mwamba. Wakonza mpango wake. Ndiye wanena motsitsa, kuti ena asamve:

"Madzi a mumtsinje uja ndi a m'mawondo. Munthu safuna lipenga."

Wapita. Machesi ndaiwala pakhonde.

Lamulungu, 14 Julaye

Nkhuku ndagwira m'mamawa, yathadzi yofiira, imene Falesi ankaikonda. Malaya ndachapa. Kutchalitchi sindinapite, kuopa kuti oimba angasokoneze n'kuyamba nyimbo yanga ija.

Ndafika pamtsinje. Madzi ndi a m'mawondodi, ndayeza ndi ndodo malo atatu. Ndakhala pamwala kuti ndiyeserere kaye. Nambala 4 ndainena kwa nkhuku, momveka, kawiri:

"Falesi, bwerera. M'nyumba mulibe wondifunsa chimene ndikuganiza. Ndimaganiza zambiri, ndipo zambiri mwa izo ndi iwe."

Nkhuku yatseka diso limodzi.

Kenako ndayamba kuganiza. Kutsidyako kukhala atsibweni, apongozi, mayi wokomoka uja, ndi ana oidziwa nyimbo ndime zonse. Onse adzandiyang'ana kumaso. Nditati ndifike n'kungoti kukuzizira? Kwa munthu amene ndinamuika kale m'manda kamodzi? Ndavula nsapato. Ndavalanso. Anthu ochokera kutchalitchi awoloka, andipatsa moni, mmodzi akuimba chapansipansi. Dzuwa lapendeka. Nkhuku yayamba kupuma ndi kukamwa, ndaimvera chisoni.

Tabwerera tonse awiri.

A Makwinja andipeza pakhomo. Sanafunse. Akhala pamkeka, tagawana chinangwa. Pochoka akuti mawa tikaweruka andiperekeza mpaka pamwala, koma kuwoloka ndiwoloke ndekha, iwo maondo awo safuna madzi. Sindinavomere, sindinakane.

Kumtunda a Nampinga akuyesera lipenga, akukumbutsa anthu kuti mawa ndi Lolemba. Likumveka mpaka kutsidya.

Zotsala ndi izi. Denga likudonthabe. Nkhuku sinaperekedwe, ndipo tsiku limene ananena atsibweni ladutsa. Falesi sanabwere, ine sindinawoloke. Nambala 4 waimva ndi nkhuku yokha, ndipo sindikudziwa ngati mawa pakamwa padzatseguka.