Tchuthi Chathu cha ku Likoma

Lolemba, 12 Juni 1978
Tchuthi chayamba. Masiku asanu ndi awiri osagwira tsache ku bwalo la ndege, kenaka sabata ina yoonjezera. Kuno ku Chileka kukuzizira koopsa, koma ku Likoma, kumene kuli mlamu wanga Esinati, akuti anthu akugona osafunda. Amake Rute sanaonane ndi mng'ono wawoyu chikwatiwire. Dongosolo: Lachinayi basi ya ku Monkey Bay, Lachisanu sitima ya pamadzi. Imanyamuka kamodzi pa sabata. Ikatisiya, basi kwatha. M'sutikesi: malaya awiri, sopo, makadi a chipani. Lero tingopita ku Lirangwe kukatsanzika malume awo a amake Rute, a Chikopa. Tibwerako masana.

Lachiwiri, 13 Juni
Sitinabwereko. A Chikopa: "Munthu wokaoloka nyanja angatsanzike choimirira?" Atiphera nkhuku, tagona konko. Mphatso za Esinati: tambala wamoyo, maungu atatu. Tsopano akuti amayi anga, kumudzi kwa Chigaru, amva za ulendowu pamsika ndipo akwiya. Tikupita wapansi. Tambala ndanyamula ine.

Lachitatu, 14 Juni
Amayi sanakwiye, angolira. "Iwe sudziwa kusambira ngakhale m'beseni!" Atigoneka. Mphatso: thadzi, mtedza dengu limodzi, mbatata, mpando wandalema. Mpando! Azakhali akufuna usipa pobwera. Asuweni anga akufuna madzi a m'nyanja m'botolo, angowaona. Tafika kunyumba madzulo, mapewa akuwawa. Amake Rute akuimba popakira. Ulendo ulipo.

Lachinayi, 15 Juni
Tadzuka tambala woyamba, wathu yemweyu. Tikutseka chitseko, awa amayi a mpingo afika, Mayi Nachisale oyandikana nafe ali patsogolo. Pemphero la paulendo. Nyimbo. Pemphero lina, la sitima payokha. Ndikuyang'ana wotchi mwaulemu. Atiperekeza mpaka pa siteji akuimba, ana akuthamangira m'mbuyo. Sindinalemekezedwepo chonchi! Koma tafika ku Blantyre basi ya ku Monkey Bay itapita kale. Kondakitala wina: "Ina mawa, madala." Mawa sitima idzakhala ili pamadzi. Amake Rute akhala pa mpando wandalema pakati pa depoti, thadzi pamiyendo. Kenaka: "Abambo, anthu aja atiimbira nyimbo zisanu. Tibwerera ndi nkhope yanji?" Tadikira kuti kude. Talowa m'nyumba kudzera kuseri, milomo ya nkhuku nditaigwira.

Lachisanu, 16 Juni
Sitima yanyamuka. Ife tili m'nyumba, makatani otseka, loko ali panja chifukwa ndatulukira pa windo kukakhoma. Rute tinamusiya kwa a Chikopa, ndiye tili awiriwiri. M'mawa amake Rute alira pang'ono, akutchula Esinati. Tambala walira kwambiri. Sitikanachitira mwina. Esinati atikhululukire, anali wonona. Tikuphika ndi makala, utsi usaoneke. Tikulankhula monong'ona ngati nthawi ya chibwenzi.

Loweruka, 17 Juni
Palibe wodzabwereka mchere. Palibe wondiitana. Ndagona mpaka dzuwa kulowa pa mng'alu wa chitseko! Amake Rute ayala mphasa pafupi ndi mbaula, akuti apa ndiye pamchenga. Takazinga mtedza. Ndawaphunzitsa bawo ndi nthanga za maungu, andidya kanayi. Panja Mayi Nachisale akuuza mnzawo: "Pano ali pakati pa nyanja, osauka." Taseka titaluma bulangeti. Thadzi nalo lapita.

Lamulungu, 18 Juni
Makala atha, madzi atha. Tatuluka, tapita ku tchalitchi. Ndimayembekeza manyazi. Koma Mayi Nachisale akumbatira amake Rute: "Mwabwerako! Taonani mmene mwanenepera, nsomba za ku chilumba izi!" Sitima yonyamuka Lachisanu singabweze munthu Lamulungu. Ndawerenga pa zala kawiri. Mumpingo monse palibe wina amene wawerenga. Kalata ya kwa Esinati ndilemba mawa, yoona. Panopa amake Rute ali pakhonde, amayi awazungulira, akufotokoza za mafunde aatali ngati nyumba, milambe, mchenga wotentha kumapazi. Ine ndakhala pakhomo, ndikungovomera. Mmene akufotokozeramu, nanenso ndayamba kukumbukira.