Tsiku Limene Ndinapha Apongozi Anga Katatu

Anzanga, mukadzamva kuti munthu anapha apongozi ake osagwira ngakhale mpeni, musadzatsutse, munthuyo ndine.

Ine kwathu ndi ku Dedza koma ndinakwatira ku Manyamula, ndipo ndimapanga mawebusayiti m'kachipinda kena pafupi ndi msika wa pa Boma ku Mzimba. Apongozi anga aamuna, a Zimba, ndi munthu wosalankhulalankhula, wa mtundu uja woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako. Zaka zonsezi ntchito yangayi ankaiona ngati kuseweretsa foni. Ndiye tsiku limene anandiuza kuti gulu lawo la alimi a chimanga ndi nyemba likufuna webusayiti yosungira mayina ndi kutumiza mauthenga, ndipo kuti pamsonkhano iwo atchula ine, ndinati eya, ulemu wanga wafika.

Ndinaimanga mwaluso ndithu. Pakachitika kanthu, kaya munthu walowa gulu, kaya mbewu yafika, kaya membala wamwalira, webusayitiyo imalengeza. Ife timati iventi. Ndiye pali timapulogalamu tina timene ntchito yake ndi kutchera khutu basi, kalikonse kakamva chilengezo chokakhudza kamachita zake: kena kamatumiza uthenga ku mafoni a mamembala onse, kena kamakonza mndandanda wa olandira mbewu. Wolengezayo safunsa kuti wamva ndani kapena akachita chiyani, iye akalengeza zake zatha. Ndinkanyadira zimenezo, ine wopusa.

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti ndikaonetse akomiti, ndinati ndiyese gawo la maliro. Mawebusayitiwo ndinali nawo awiri ofanana ngati mapasa: yoyesera ya m'laputopu mwanga, imene situmiza uthenga kwa aliyense, ndi yeniyeni, imene ndinali nditaikamo kale manambala a gulu lonse. Panafunika dzina loyesera. Kodi chinandiletsa kupeka dzina n'chiyani? Ndinangotsika mpaka pansi pa mndandanda, dzina lomaliza, Zimba, n'kudina pamene palembedwa kuti "wamwalira".

Palibe chinachitika, kachizindikiro ka pa sikirini kankangozungulira. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti yoyesera imadikira netiweki kuyambira liti? Ine ndinadinanso. Kenako kachitatu, mokwiya.

Foni inalira m'thumba mwanga, paja nambala yanganso ndinaiikamo. "Gulu likudziwitsa mwachisoni kuti a Zimba atisiya. Tiyeni tikakhale ndi banja." Mawu olemba ndekha amenewo, ndipo ndinawasankha bwino kuti azikhudza mtima. Ndinayang'ana pamwamba pa sikirini, adiresi ndi ya webusayiti yeniyeni. Ndipo paja ndadina katatu, ndiye kuti zilengezo zitatu, chilichonse ndi mauthenga ake a gulu lonse, onse atandanda pamzere kudikira kutuluka.

Ndisanapume, mkazi wanga nyaZimba anaimba. Iye amaphunzitsa pa pulayimale ina pa Boma pomwepo, ndipo azakhali ake anali atamuimbira kale. Mawu ankatuluka moduladula.

"Bambo a Tamanda, adada atisiya. Foni yawo ndi yozimitsa. Amama akuti anapita kudimba m'mawa, mwina agwera komweko."

"Mayi a Tamanda, musalire. Ndine."

"Ndinu chiyani?"

"Ndine ndawapha. Koma pa kompyuta."

Anadula foni.

Ndinati ndikonze msanga. Ndinabwezera dzina lawo pa mndandanda wa amoyo, osakumbukira kuti kuika dzina pamenepo kulinso ndi chilengezo chake. Pa sikirini ndinaona uthenga wina ukulowa pamzere: "Tilandire ndi manja awiri a Zimba, amene alowa gulu lathu lero." Tangoganizani, munthu uli panjira yopita kumaliro, ukumva kuti womwalirayo walowa gulu. Gulu lake liti?

Ndinalemba uthenga wopepesa, koma nawonso unakaima kumbuyo kwa mzere, kutsogolo kwake kuli imfa ziwiri zosatuluka ndi kulowa gulu kuja. Apa ndinaganiza zozimitsa kapulogalamu kotumiza mauthengako. Kanazimadi, koma kanazima pamodzi ndi kupepesa kwanga. Ndinayesa kuimbira wapampando wa gulu, foni ili bize. Mlembi, bize. Aliyense anali kuuza mnzake za maliro.

Ndinatseka chitseko, n'kupeza mkazi wanga pa siteji atakwera kale njinga yamoto, chitenje m'chiuno. Ndinakwera ina. Msewu wonse wa ku Manyamula, fumbi lili m'kamwa, ndinkangopemphera zinthu ziwiri zotsutsana: kuti apongozi apezeke ali moyo, komanso kuti asapezeke msanga ndisanafike. Ndipo panali kamantha kena kamene sindinauze munthu. Bwanji ngati nkhalambayo yagwadi kudimbako lero lomwe? Ndani akanakhulupirira kuti zangochitika? Dzina la ufiti likanandichoka?

Tinapeza pakhomo padzaza. Njinga zili mbwee pansi pa mtengo wa mango, mabenchi a ku tchalitchi afika kale, amayi akulira m'nyumba, amuna anayi atumidwa kudambo kukafuna mtembo. Mkazi wanga analowa kukauza amayi ake. Ine ndinaima pakati pa bwalo n'kuyamba kufotokoza za iventi kwa madoda amene ankangondiyang'ana. Mmodzi, ponditchula mkamwini m'chiyankhulo cha kumeneko, anati, "Mkweni, khalani pansi, chisoni chakusokonezani."

Kenako kulira kunayamba kuzima kuchokera kumsewu. Tinacheuka tonse. A Zimba akubwera, akukankha njinga yawo, mpiru ndi tomato pakaliyala, matope mpaka m'mawondo, amuna anayi aja akuwatsatira chapatali ndithu. Mayi wina anathawira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anaimika njinga bwinobwino, anayang'ana mabenchi, anayang'ana anthu, n'kufunsa kuti wamwalira ndani.

Maso onse anabwera kwa ine.

Ndinagwada m'fumbi, ndi thalauza langa la kuofesi. "Ndapota, adada, ndalakwa ine. Ndimayesa makina aja."

"Mumayesa."

"Eya, adada."

"Gulu lonse lija, mayina onse aja, mbwenu mwaona kuti woyenera kufa ndine?"

"Linali dzina lomaliza, adada."

Anakhala pa benchi ya maliro awo omwe, natulutsa kafoni kawo m'thumba la malaya n'kukayatsa. Ine ndinayamba kulonjeza kuti zatha, ndazimitsa zonse, sizidzachitikanso. Chimene ndinaiwala n'chakuti kapulogalamu kaja ndinakakonza kuti kakazima kazidzuka kokha pakapita nthawi, n'kupitiriza pamene kanalekezera. Mawu ali m'kamwa, mafoni anayamba kulira bwalo lonse, uku ndi uku, ngati achule mvula ikagwa.

Apongozi anatalikitsa foni ndi maso, nawerenga mokweza, pang'onopang'ono. Atisiya. Foni inaliranso. Atisiyanso. Inaliranso, alowa gulu lero. Kupepesa kwanga kunafika pomalizira, palibe anakuwerenga.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine mawondo akupweteka.

"Mkweni," anatero, "inu ndi amene mukudziwa za makinawa. Pakali pano ndili moyo kapena ndafa? Ndiuzeni, ndidziwe ngati ndikasambe ndekha kapena ndidikire ondisambitsa."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi, ngakhale apongozi aakazi, misozi ikadali m'masaya. Ine ndi amene ndinabweza mabenchiwo ku tchalitchi, limodzilimodzi pamutu, mudzi wonse ukuonerera. Webusayitiyo akuigwiritsa ntchito mpaka lero, koma pa batani la maliro ndinaikapo funso loti "mwatsimikiza?", ndipo limafunsa kawiri.

Kuyambira tsiku limenelo sindidina kanthu ndisanayang'ane adiresi, ndipo dzina la munthu wa kuchikamwini sindiliyandikira n'komwe. Ndikafuna kuyesa imfa, ndimafa ndekha.